Laputopu ikudzuka yokha usiku kapena m'chikwama? Umu ndi momwe mungagwirire chimene chikuidzutsa

Vuto lake limayenda chonchi: mwatseka laputopu bwinobwino, mwaiika m'chikwama, pakapita maola awiri mukamaitulutsa mupeza yatentha moti pansi pake sipogwirika, fani ikulira, batire lomwe linali lodzadza latsala pang'ono kutha. Kapena mwaisiya patebulo, pakati pausiku mungoona chipinda chawala, sikirini yayaka yokha popanda woikhudza. Ena amathamangira kunena kuti ndi vayilasi, ena akuti pali munthu walowa m'kompyuta yawo, ena amangoti aaa yakalamba basi. Nthawi zambiri si zimenezo ayi. Pamakhala china chake chomwe chinapatsidwa chilolezo choidzutsa, ndipo kompyuta nthawi zambiri imalemba chimene chaidzutsacho, kungoti ambirife sitiifunsa.

Ndiye chonde musayambe ndi kuzimitsa zilizonse zomwe mwaziona mu masetingi. Mukatero mwina vuto lisiya inde, koma simudziwa chimene chalithetsa, komanso mupeza kuti mwaononga zina, kiyibodi yasiya kuidzutsa kapena ma update asiya kulowa. Funsani kaye makinawo, kenako sinthani chinthu chimodzi, muyese usiku umodzi, muone. Komanso nkhaniyi musaitenge mopepuka, batire la lithium limadana kwambiri ndi kutentha, laputopu yomwe imaphikika m'chikwama mobwerezabwereza batire lake silichedwa kufooka.

Ndiyamba ndi Windows 10 ndi 11 poti ndi komwe vutoli lachuluka, za Mac ndi Linux zibwera kumunsi.

Imagona tulo tanji laputopu yanuyo?

Apa ndi poyambira chifukwa mankhwala ake amasiyana. Pali Sleep yakale ija, yotchedwa S3, pomwe zonse zimazima kupatula RAM yomwe imasunga zomwe munatsegula. Pali Hibernate, S4, pomwe zonse za mu RAM zimalembedwa pa disiki mu fayilo yotchedwa hiberfil.sys kenako makina n'kuzima pafupifupi kotheratu, tulo tofa nato. Ndiye pali Modern Standby, yomwe Windows imailemba kuti S0 Low Power Idle, ndipo malaputopu ambiri a zaka zaposachedwapa ali ndi imeneyi. Iyiyi imagona ngati foni: sikirini yazima koma mkati zinthu zikuyendabe pang'onopang'ono, ikhoza kukhala pa Wi-Fi, kulandira maimelo, kutsitsa ma update. Ikamayenda bwino imadzuka msangamsanga mukangotsegula, koma pakakhala driver mmodzi (kapulogalamu koyendetsa chipangizo cha mu kompyuta) kapena pulogalamu imodzi yosamva, makina amalephera kutsika kufika pa tulo tenitenti, ndiye kutentha kuja.

Kuti mudziwe yanu, dinani Start, lembani cmd, pa Command Prompt dinani batani lakumanja la mausi musankhe Run as administrator. Pawindo lakuda lomwe litseguke lembani izi mudine Enter:

powercfg /a

Pamwamba ikuonetsani mitundu ya tulo yomwe makina anu ali nayo. Mukaona Standby S3 muli ku kachitidwe kakale, mukaona S0 Low Power Idle ndi Modern Standby. Windo limeneli musalitseke, tilifunabe.

Komanso tsimikizani kaye kuti ikumagona ndithu. Pali malaputopu ena omwe anthu amati ikudzuka yokha chonsecho siinagone n'komwe. Pitani ku Control Panel, Power Options, kumanzere kuli Choose what closing the lid does, muone ngati palibe amene anaika Do nothing, makamaka mbali ya Plugged in, anthu amakonda kusintha pamenepo akamalumikiza laputopu ku sikirini ina kenako n'kuiwala. Lembaninso powercfg /requests, imeneyi imasonyeza mapulogalamu ndi ma driver omwe akuiletsa kugona pa nthawiyo, pena ndi tabu ya browser yomwe ikuseweretsa vidiyo, pena driver wa saundi yemwe akuganiza kuti nyimbo ikulirabe.

Kuifunsa kuti wakudzutsa ndani

Lamulo lodziwika kwambiri ndi ili:

powercfg /lastwake

Likuuzani chomwe chaidzutsa komaliza, dzina la chipangizo kapena la taima (alamu yomwe pulogalamu yatchera kuti idzutse makina). Koma pali msampha apa: ndi komaliza kokha. Ngati inadzuka yokha usiku, n'kugonanso, m'mawa inu n'kudzaidzutsa ndi batani, yankho lomwe mupeze ndi Power Button, kutanthauza inuyo. Lamuloli limathandiza mukaipezerera ili maso. Ndipo pa Modern Standby nthawi zambiri limangobwera lopanda kanthu.

Mbiri yonse ili mu Event Viewer, ndipo ine ndimaona kuti apa ndi pamene munthu ayenera kutayapo nthawi. Lembani Event Viewer pa Start, tsegulani Windows Logs, kenako System, kumanja dinani Filter Current Log, pa Event sources musankhe Power-Troubleshooter. Mzere uliwonse womwe utsale, wa Event ID 1, ndi kudzuka kumodzi. Mukadina umodzi, pansi pamalembedwa zinthu zitatu: Sleep Time, Wake Time ndi Wake Source. Wake Source ndiye tikufunayo. Mwina palembedwa Device kenako dzina la USB controller, mwina Timer kenako dzina la ntchito ya Windows Update, mwina Power Button, mwinanso Unknown, zomwe zimakwiyitsa koma zimachitika kawirikawiri. Nthawi zolembedwa mkatimo zimathera ndi Z, ndi za UTC, nthawi yapadziko lonse, ndiye musadabwe zikasiyana ndi wotchi yanu, yang'anani nthawi yomwe ili pamndandanda pamwambapo.

Ngakhale palembedwe Unknown, nthawi yokhayo imanena zambiri. Yang'anani mizere khumi kapena kuposa. Ikamadzuka ola lomwelomwelo usiku uliwonse, ndi taima imeneyo, palibenso kukayika. Ikamadzuka pakangotha masekondi ochepa kuchokera pomwe yagona, ganizirani za USB kapena khadi la netiweki. Ikamadzuka nthawi zosiyanasiyana mukakhala paulendo, ndi mausi, chivindikiro kapena batani lomwe likupanikizika.

Amene muli pa Modern Standby sefani ndi Kernel-Power m'malo mwake. Event 506 ndi kulowa mu tulo, 507 ndi kutuluka, ndipo pa 507 pamakhala Reason, monga Input Mouse, Input Keyboard, Lid, Power Button kapena AC/DC Display Burst yomwe imabwera chaja chikalowa kapena kutuluka. Muli komweko yang'ananinso Kernel-Power 41. Mukaipeza pa nthawi yomwe laputopu inayaka yokha ndiye kuti siinadzuke, inagwa n'kuyambiranso, ndipo chizindikiro chake n'choti mapulogalamu onse omwe munasiya otsegula munawapeza atatsekeka. Limenelo ndi vuto lina, la driver kapena BIOS (pulogalamu yomwe imayamba kugwira ntchito Windows isanatseguke), kuzimitsa mausi sikungathandize.

Zipangizo, kuyambira mausi

powercfg /devicequery wake_armed

Lamulo ili limatulutsa mndandanda wa zipangizo zonse zololedwa kuidzutsa. Kawirikawiri mupezapo kiyibodi, mausi ndi khadi la netiweki. Woyamba kumukayikira ndi mausi, makamaka yopanda waya ija. Taganizirani, kadongo kake (kachipangizo kakang'ono kolandira uthenga wa mausi) kali ku USB, mausiyo mwaiponya m'thumba lam'mbali la chikwama osaizimitsa, mukuyenda, kakuwala kapansi kake kakuona nsalu ikusuntha, iyo ikutumiza uthenga kuti bwana agwedeza mausi, laputopu n'kudzuka chivindikiro chili chitsekere, mpweya wotentha ulibe kotulukira. Patebulo n'chimodzimodzi, wina akangogunda tebulo kapena kutseka chitseko mwamphamvu zakwana. Mankhwala osavuta ndi kaswitchi kapansi pa mausi kaja. Koma poti munthu amaiwala, ilandeni chilolezocho.

Dinani Start ndi batani lakumanja, Device Manager, tsegulani Mice and other pointing devices, dinani kawiri pa mausiyo, pitani pa tabu ya Power Management, chotsani kachizindikiro pa Allow this device to wake the computer. Mukapeza HID-compliant mouse zingapo chitani zonse. Kadongo kamodzi nthawi zina kamaonekanso pansi pa Keyboards ngati HID Keyboard Device ngakhale mulibe kiyibodi yapadera, ndiye ngati ikudzukabe kayang'aneni kumeneko. Ndipo mukasamutsa kadongoko kupita pa bowo lina la USB, Windows ikhoza kukatenga ngati chipangizo chatsopano n'kukapatsanso chilolezo, ndi chifukwa chake ena amati ndinakonza koma zabwereranso.

Okonda kulemba akhoza kungotero: powercfg /devicedisablewake "HID-compliant mouse", dzinalo likhale ndendende momwe laonekera pamndandanda uja. Kiyibodi yapadera ine ndimati muisiye ngati mumagwiritsa ntchito laputopu ili chitsekere pa sikirini ina, apo ayi muzivutika kuitsegula nthawi zonse kuti mufike pa batani.

Wachiwiri ndi netiweki, makamaka ngati mumalumikiza waya wa Ethernet kapena docking station. Mu Device Manager momwemo, Network adapters, dinani kawiri pa khadi la Ethernet. Pa Power Management, ngati simudzutsa kompyuta yanu muli kwina, chotsani chilolezo chonse. Ngati mumafuna Wake on LAN, kuidzutsa kudzera pa netiweki, siyani chilolezocho koma muike chizindikiro pa Only allow a magic packet to wake the computer. Kenako pa tabu ya Advanced pezani Wake on Pattern Match muike Disabled. Imeneyi ndiyo yovuta, chifukwa imalola kuti mauthenga wamba oyenda pa netiweki, makina ena akungofunsa kuti ndani alipo, aidzutse. Khadi la Wi-Fi lichiteninso chimodzimodzi ngati lili ndi zosankha zimenezi. Laputopu ya kuntchito koma afunseni kaye a IT, mwina anaziika dala kuti aziika ma update usiku.

Njira yachidule yoyesera zonsezi ndi kuzula chilichonse, mausi, flash, printa, dock, waya wa netiweki, sikirini yachiwiri, kuzimitsanso Bluetooth, n'kuigoneka yokhayokha usiku umodzi. Ikagona mpaka m'mawa mwadziwa kuti wolakwa ali pa zomwe mwazulazo, muzibwezera chimodzichimodzi.

Mataima ndi ntchito zausiku

powercfg /waketimers

Apa muona ngati pali pulogalamu yomwe yatchera alamu yoti idzutse makina pa nthawi inayake, dzina lake ndi ola lake zimalembedwa. Mataima amenewa amatha kudzutsa laputopu ngakhale ili pa Hibernate, chifukwa wotchi ya pa motherboard siigona. Pakalembedwa kuti palibe, musakhulupirire msanga, taima imatha kutcheredwa nthawi ina inu mutachokapo, n'chifukwa chake mbiri ya mu Event Viewer ija ili yofunika.

Kuzimitsa kwake: Control Panel, Power Options, Change plan settings, Change advanced power settings, tsegulani Sleep, kenako Allow wake timers. Muike Disable pa On battery ndi pa Plugged in pomwe. Pali chosankha chapakati, Important Wake Timers Only, chomwe chimalola zokhazo zomwe Windows ikuziona kuti n'zofunika, monga kuyambiranso pambuyo pa update. Pa batire ine ndimaika Disable osaganiza kawiri, palibe ntchito yofunika moti laputopu idzukire m'chikwama. Kumbukiraninso kuti setingi imeneyi ndi ya plan imodzi yokha, mukasintha kuchoka pa Balanced kupita pa ina muyenera kukaikanso.

Pali Automatic Maintenance, yomwe mwachizolowezi imatcheredwa 2 koloko usiku. Ngati mbiri yanu ikusonyeza ola limeneli, pitani ku Control Panel, Security and Maintenance, Maintenance, Change maintenance settings, muchotse chizindikiro pa mawu oti ntchitoyi izidzutsa kompyuta, kapena musinthe ola likhale lomwe laputopu imakhala yoyaka kale.

Mapulogalamu ena, a backup, antivayilasi, ndi aja omwe kampani yopanga laputopu imaikiratu, amaika ntchito zawo mu Task Scheduler. Mukapeza dzina la ntchitoyo, itseguleni, pa tabu ya Conditions chotsani Wake the computer to run this task. Koma dzinalo likakhala ndi UpdateOrchestrator, imeneyo ndi Windows Update, ndipo musalimbane nayo kwambiri mu Task Scheduler, ntchito zake n'zotetezedwa, mukasintha Windows imabwezeretsa. Chomwe ikufuna n'choti mumalize update yomwe yakhala ikudikira. Pitani ku Settings, Windows Update, ikani zonse, chitani Restart, ndipo nthawi zambiri imakhala chete mpaka update ina. Kuzimitsiratu ma update pofuna tulo ndiye ayi, mukhala mwatseka bowo laling'ono n'kutsegula lalikulu.

Ikamadzuka ili pa Hibernate, kapena mutaizimitsa

Apa zinthu zomwe zingaidzutse n'zochepa, ndiye kusaka kwake sikuvuta. Mukathana ndi mataima ndi Wake on LAN, zotsalazo zili mu BIOS. Kulowamo mumadina batani lina pomwe ikungoyaka, F2 pa Dell, Acer ndi ASUS ambiri, F10 pa HP, F1 pa ThinkPad. Musanasinthe kanthu mmenemo, ngati disiki yanu ili ndi BitLocker, loko wa Windows woteteza mafayilo, onetsetsani kuti recovery key yake, manambala 48 aja, muli nayo penapake posakhala pa laputopu yomweyo, chifukwa kusintha zina mu BIOS kapena kuiapudeta kumatha kuchititsa kuti ifunse kiyiyo poyaka. Jambulaninso ndi foni momwe zinalili musanasinthe.

Yang'anani gawo la Power. Mayina amasiyana malinga ndi kampani koma mfundo zake n'zomwezi. Choyamba ndi kuyaka chaja chikalowa, Dell amati Wake on AC, ThinkPad amati Power On with AC Attach. Ichi chikakhala choyatsa, magetsi akathima n'kuyakanso laputopu imayaka nayo, ndipo chaja chomwe waya wake wayamba kuduka mkati kapena chosagwira bwino pa soketi chimaidzutsa kangapo usiku umodzi. Chachiwiri ndi kuyaka mukatsegula chivindikiro, Power On Lid Open pa Dell, Flip to Boot pa ma Lenovo ena. Chachitatu ndi alamu ya mu BIOS momwemo, Auto On Time kapena RTC Alarm, yomwe imayatsa makina pa ola loikika, malaputopu omwe anagwirapo ntchito mu ofesi nthawi zina amabwera nayo ili yotchera. Palinso USB Wake Support ndi Wake on LAN. Zimitsani chomwe chikugwirizana ndi zomwe mwaona mu mbiri, osati zonse nthawi imodzi.

Kenako Fast Startup. Chiyambire Windows 8, mukadina Shut down kompyuta siizima kwenikweni, imatseka mapulogalamu anu n'kuchita ka hibernate kakang'ono kuti idzayake msanga. Pa makina ena zimenezi zimasokonezana ndi ma driver, mpaka imayakanso yokha mutangoizimitsa. Kuyesa kwake n'kosavuta: Power Options, Choose what the power buttons do, Change settings that are currently unavailable, chotsani Turn on fast startup. Ngati muli ndi SSD, disiki yothamanga ija, kusiyana kwa liwiro poyaka n'kochepa.

Pali kudzuka kwina komwe kuli kwabwinobwino, ndipo ambiri sakudziwa. Mu advanced power settings muja muli Hibernate after. Laputopu ikagona kufika nthawi yomwe yaikidwa pamenepo, kapena batire likatsika kwambiri, imadzuka pang'ono kuti ilembe zonse pa disiki kenako n'kulowa Hibernate. Mumva fani kanthawi kochepa basi yazima. Vuto limabwera ngati kulembako kwalephera, imatha kungokhala maso mpaka batire kutha. Mukakayikira zimenezi, onani kuti disiki siinadzadze, kenako pangani fayilo ija mwatsopano: powercfg /h off, chitani Restart, kenako powercfg /h on.

Modern Standby, pomwe ambiri amagwira njakata

Ngati powercfg /a inakuonetsani S0 Low Power Idle, mupeza kuti zina zomwe ndanena pamwambapa kulibe, tabu ya Power Management pa zipangizo zambiri siioneka n'komwe. Chida chanu chachikulu ndi ichi:

powercfg /sleepstudy

Chimapanga fayilo yotchedwa sleepstudy-report.html ndipo chikuuzani pomwe yasungidwa, ikopereni pa Desktop muitsegule ndi browser. Imasonyeza masiku 3 apitawa, mukafuna ambiri onjezerani /duration 7 kumapeto. Nthawi iliyonse yomwe inagona ili ndi mzere wake, maola omwe inagona, batire lomwe linapita, ndi mtundu: wobiriwira zili bwino, wofiira zavuta. Dinani mzere wofiira, tsikirani pa Top Offenders, muona dzina la chomwe chinaikaniza kupuma ndi gawo la nthawi yomwe chinali kugwira ntchito. Likakhala khadi la Wi-Fi, saundi, USB kapena graphics, katengeni driver watsopano pa webusayiti ya kampani yomwe inapanga laputopuyo, pamodzi ndi update ya BIOS ngati ilipo, poti mavuto ambiri a tulo amakonzedwa mmenemo. Poapudeta BIOS chaja chikhale cholumikiza ndipo musaizimitse pakati.

Pa Windows 11, malaputopu ena ali ndi sensa yoona munthu akayandikira. Mu Settings, System, Power & battery, gawo la sikirini ndi tulo, muli chosankha choti idzuke mukafika pafupi. Ngati sikirini imayaka munthu akangodutsa, ndi chimenecho. Ena a touchscreen alinso ndi chosankha chodzuka mukakhudza galasi.

Chizolowezi chimodzi chothandiza: zulani kaye chaja, dikirani pang'ono, kenako mutseke chivindikiro. Windows ikakhala pa magetsi imalola ntchito zambiri kuyenda mkati mwa tulo kuposa ikakhala pa batire, ndiye ndi bwino ilowe mu tulo ikudziwa kale kuti ili pa batire. Ndipo musanaiike m'chikwama imvetsereni, fani ikhale itasiya.

Mupeza malangizo ena oti musinthe registry, momwe Windows imasungira masetingi ake amkati, kuti Modern Standby izime ibwerere S3. Ine sindilimbikitsa. Malaputopu ambiri atsopano BIOS yawo ilibenso S3, ndiye mukatero mumatsala opanda Sleep konse, kapena imagona n'kukanika kudzuka. Pokhapokha ngati BIOS yanu ili ndi chosankha chake, monga Sleep State pa ma ThinkPad ena.

Kunena zoona, pa laputopu ya Modern Standby yomwe imayenda m'chikwama, yankho lomwe ndimalidalira ndi Hibernate. Ngati siikuoneka pa Start, lembani powercfg /h on, kenako pa tsamba lija la Choose what the power buttons do ikani chizindikiro pa Hibernate. Pomwepo mukhoza kusankha kuti mukatseka chivindikiro muli pa batire izichita Hibernate m'malo mwa Sleep. Pa SSD kudzuka kwake ndi masekondi owerengeka chabe, zomwe munatsegula mumazipeza momwemo, ndipo batire silichepa.

Mac ndi Linux

Pa MacBook tsegulani Terminal mulembe pmset -g log | grep -i wake kuti muone mbiri ndi zifukwa zake. Mizere ya DarkWake ndi kudzuka kosayatsa sikirini, pang'ono n'kwabwinobwino, ikachuluka zedi ndiye pali china. pmset -g sched imasonyeza zomwe zatcheredwa nthawi, pmset -g assertions imasonyeza zomwe zikuiletsa kugona. Mu System Settings, Battery, Options, muli Wake for network access, ikani Never kapena pa chaja pokha, ndipo ma Mac a Intel ali ndi Power Nap yomwe mungazimitse. Mausi ndi kiyibodi za Bluetooth zimachitanso zomwe zija m'chikwama, zizimitseni.

Pa Linux, cat /proc/acpi/wakeup imaonetsa zipangizo ndi mawu oti enabled kapena disabled. Lomwe limavutitsa kawirikawiri ndi XHC, USB controller, makamaka ikamadzuka pompopompo itangogona. Lembani echo XHC | sudo tee /proc/acpi/wakeup kuti musinthe, muyese. Dzinalo pa makina ena limasiyana pang'ono, tengani lomwe mwaliona pamndandanda. Mukayatsanso kompyuta zimabwerera mwakale, ndiye zikathandiza muziike mu systemd service kapena udev rule. cat /sys/power/mem_sleep ikuuzani ngati muli pa s2idle (tulo tofanana ndi Modern Standby) kapena deep (S3 ija), ndipo journalctl ili ndi mbiri ya nthawi yomwe inagona ndi kudzuka.

Zonse mwayesa koma ikudzukabe

Tsopano igwireni m'manja muiyang'ane. Nthawi zambiri laputopu imadziwa kuti yatsekedwa chifukwa cha kamaginito kali m'mphepete mwa sikirini ndi kasensa komwe kali mbali ya kiyibodi. Mahinji akalobodoka, chivindikiro chimayasama pang'ono m'chikwama, sensa n'kuganiza kuti mwatsegula. Mu mbiri muona Lid pa nthawi yomwe inu simunaikhudze. Yesani chonchi: igonekeni, itsekeni, inyamuleni choimika ngati momwe imakhalira m'chikwama, igwedezeni pang'ono muone ngati kanyale kake kasintha. Kathumba ka laputopu kothina bwino kamathandiza pomwe mukudikira kukonzetsa mahinji. Maginito a pa kava ya tabuleti kapena pa sipika amasokonezanso sensa yomweyi akagundana nayo, ndiye musaziike pamodzi. Malaputopu opindika aja ali ndi batani loyatsira m'mbali, buku kapena chaja chikalipanikiza m'chikwama imayaka, ndipo mbiri idzalemba Power Button ngati kuti ndinu.

Yang'ananinso ngati ikutsekeka mofanana mbali zonse. Mukaona touchpad yatukuka, kiyibodi yakwera pakati, kapena chapansi chayamba kuyasama moti laputopu ikugwedera patebulo, batire latupa. Likatupa limakankha touchpad ndi makiyi kuchokera mkati ndipo limalepheretsa chivindikiro kutsekeka, ndiye kudzuka kuja n'chizindikiro chabe cha vuto lalikulupo. Apa siyani za masetingi. Koperani mafayilo anu ofunika, izimitseni kotheratu, musaitchajenso, musayese kulipanikiza kapena kuliboola batirelo, ndipo isagone pabedi kapena pafupi ndi mapepala. Ipititseni kwa wokonza akasinthe batire, lakalelo likatayidwe komwe amalandira mabatire akutha, osati m'bini wamba.